Mkamwini Gologolo ndi Nthambi ya Mkuyu

Padangotero. Amene muli nane vomerani, amene mukusinza musadzandifunse mawa.

Panali Gologolo amene anakakwatira kwa a Nguluwe. Musandifunse kuti zinatheka bwanji, mtima ukakonda suyeza msinkhu. Mkazi wake anali Nankhoma, nguluwe yofatsa, yodziwa kulima, ndipo Gologolo anasiya mitengo ya kwawo n'kukakhala chikamwini pakhomo pa mkaziyo. Anabereka ana. Anawo anatengera bambo wawo maso ochenjera basi. Zina zonse, mphuno, miyendo, ndi khosi lomwe, anatengera kuchikazi.

Khosi limeneli ndiye mwini nkhani. Khosi la nguluwe ndi lalifupi, lolimba, silipindikira m'mwamba. Za pansi nguluwe imazidziwa zonse, pamene pabisala chinangwa, pamene padutsa mfuko dzulo. Koma zimene zili pamwamba pa mutu wake imangomva kwa ena.

Mwini mbumba pakhomopo anali mlongo wake wamkulu wa Nankhoma, Nguluwe mwiniwakeyo, wa mano otulukira kunja. Sanali woipa mtima, ayi ndithu. Ana a mlongo wake ankawakonda kuposa mimba yake, ndipo kwa nguluwe amenewo si mawu ochepa. Vuto lake linali loti mawu a mkamwini ankawayesa kulira kwa nkhuku.

Pabwalo panali mkuyu waukulu umene anadzala malemu mayi awo. Nthambi yake imodzi, yonenepa ngati mtondo wosinjira, inadutsa pamwamba penipeni pa kanyumba kamene ankagona anawo. Tsiku lina Gologolo anakwera kukathyola nkhuyu, ndipo pamene nthambiyo inaphukira pa thunthu anapeza mng'alu. Anapisamo dzanja, dzanja linalowa, n'kutuluka ndi fumbi lofiira lonunkha chinyezi. Anatola mwala. Atagogoda thunthu, linayankha molimba. Atagogoda nthambi, inalira ngati ng'oma. Masamba a kunsonga kwake anali atauma kale pamene anzake onse anali obiriwira. Gologolo anachita mantha kwambiri, chifukwa chilimwe chinali chitakula, ndipo mphepo yotsogolera mvula yoyamba inali pafupi.

Anatsika liwiro n'kukapeza mlamu wake akufukula pansi.

"Alamu, pepani, ndili ndi mawu."

"Mkamwini ali ndi mawu? Nena."

"Nthambi ija ya pamwamba pa ana yang'aluka. M'kati mwake mwaola. Tiidule mphepo isanabwere, apo ayi anawo asamuke."

Nguluwe anapita pamkuyu paja. Anaununkhiza, anadzikhula nawo nthiti, kenaka anabwerera m'mbuyo n'kuugunda ndi mutu. Thi! Mtengo sunagwedezeke.

"Wamva? Mtengo woola umalira choncho?"

"Pansi pano ndi pabwino, alamu. Ine ndikunena kumwamba."

"Kumwamba kuli mitambo. Mtengo uwu anadzala ndi amayi anga iwe usanabadwe. Pano unabwera ndi mchira wako wokha. Mkamwini sadzala mtengo, nanga audula bwanji? Tsiku limene udzaukhudze ndi nkhwangwa, udzanyamule mchira wakowo uzipita kwanu."

Mwambo unalidi wotero. Mtengo ndi wa eni mbumba, malo omanga nyumba amaloza ndi mwini mbumba, ndipo ana osinkhuka ngati amenewo sakanabwereranso kukagona m'nyumba ya makolo awo. Gologolo akanadula nthambiyo mwamakani akanathamangitsidwa asanafike pakati, ana n'kutsala pomwepo opanda wowayang'anira kumwamba.

Tsono poti mkamwini saletsedwa kuimba, anapeka nyimbo. Ankaiimba m'mawa akusesa pabwalo. Inali nyimbo yonena za mlendo wamtali amene amawerama tsiku ndi tsiku kupereka moni kwa denga, denga osayankha, ndipo inkafunsa kuti tsiku limene mlendoyo adzatope n'kukhala pansi, adzakhalira ndani. Ana anaikonda. Ankavomera poyerekeza kulira kwa nthambi mphepo ikamawomba, akuwomba m'manja ndi kugwedeza timichira tawo. Bambo wawo akamawamva akuvomera mosangalala choncho, ankawamvera chisoni, poti iwo sankadziwa kuti nyimboyo ikunena za iwo.

Anaganiza kuti mwina mlamu wake akufuna umboni. Anakweranso, anakumba m'mng'alu muja, n'kutsika ndi chibenthu cha mtengo chofumbutuka.

"Alamu, taonani. Ichi chachokera m'kati mwa nthambi ija."

Nguluwe anachinunkhiza. Anachitembenuza ndi mphuno, ndipo m'kati mwake munatuluka mphutsi zoyera, zonona. Anazinyambita zonse n'kutsinzina.

"Kuli zina?"

"Zadzaza, alamu. Ndi zimene zikudya nthambiyo."

"Ha! Mtengo wa amayi wakhala ukutidyetsa nkhuyu, lero wayamba kutipatsa ndiwo, ndiye iwe ukuti tiudule? Mawa ubwere nazo zambiri."

M'mawa mwake Gologolo anaimba nyimbo ija mokweza, ana akuvomera, Nguluwe naye akugwedeza mutu kuti mkamwini uyu ntchito zina zimamukanika koma kuimba amatha.

Choona chitakanika, Gologolo anatembenukira ku bodza, kumene kunali kwawo kwenikweni. Aliyense amadziwa kuti kadzidzi akalira pamwamba pa nyumba, eni ake sagonamo mtima uli m'malo. Dzuwa litangolowa anatenga chikho, anakwera nacho mumkuyu, n'kukakhala pamng'alu paja. Tsopano munkalowa mutu wake wonse. Anaika pakamwa m'chikho n'kulira ngati kadzidzi, kulira koopsa koti ngakhale iye mwini ubweya unamuima.

Pansi panali chipwirikiti. Nankhoma, amene anali atauzidwa kale, anafuula mwadala kuti, "Achimwene, kadzidzi pamwamba pa ana! Asamuke anawa!"

"Asamuke chifukwa cha mbalame? Woti asamuke ndi kadzidziyo!"

Kadzidzi amamuthamangitsa pomuponyera chikuni cha moto. Koma nguluwe iponya bwanji chikuni kumene siikuona? Anaunjika udzu ndi zinyalala patsinde pa mkuyu, anathirapo tsabola, n'kuyatsa. Utsi unakwera molunjika kwa mwini chikho. Gologolo anayetsemula, anatsokomola, misozi ili chuchuchu, mpaka anatsetsereka kuseri kwa thunthu n'kugwera m'phulusa. Nankhoma ndiye anathamanga ndi mtsuko wa madzi akukuwa kuti mtengo wa amayi upsa.

"Waona?" anatero Nguluwe atamuona mlamu wake akubwera maso ali psuu. "Kadzidzi wathawa. Nkhani za pakhomo pano zimafuna mutu. Nanga iwe ukulira chiyani?"

"Chisangalalo, alamu."

M'mawa mwake nyimbo ija inatuluka ndi mawu osasa, koma ana anavomerabe.

Apa Gologolo anakhala pansi n'kuganiza bwino. Mantha sagwira pa mlamu wake, umboni amaudya. Chotsala ndi mimba. Anayamba kulawirira mumkuyu m'mamawa, kusankha nkhuyu zakupsa zokhazokha, zofewa, zong'aluka ndi kutsekemera, n'kumazigwetsera pakhomo pa kanyumba ka ana. Zosapsa ankazigwetsera mbali ya kwa Nguluwe. Kenaka ankanong'oneza ana, koma kunong'ona kwake komveka mpaka kuseri kwa nkhokwe.

"Idyani msanga. Atsibweni anu asadziwe kuti zokoma zimagwera kuno."

Sipanapite nthawi. Nguluwe anafika mphuno ili patsogolo, analawa imodzi, analawa ina, n'kukhosomola ngati munthu wobwera ndi nkhani yaikulu.

"Ndaganiza. Ana akamadya zakupsa kwambiri amatsegula m'mimba. Iwe mkamwini, uwamangire kanyumba kena uko, pafupi ndi nkhokwe. Muno ndizigona ine."

"Koma alamu, anawa anazolowera muno."

"Ndanena!"

Gologolo sanamangepo nyumba mwachangu ngati tsiku limenelo. Anazika mitengo, anamanga mbalo, anafolera udzu, Nankhoma akumata. Ana atanyamula mphasa zawo n'kulowa m'nyumba yatsopano, kutali ndi nthambi, iye anapita kuseri n'kuyamba kuvina yekha, mchira uli m'mwamba.

Nankhoma anamupeza akuvina.

"Mukuvina chiyani, bambo a ana?"

"Ana apulumuka, mayi!"

"Nanga amene wagona pansi pa nthambiyo tsopano ndi ndani? Si wa bere limodzi ndi ine? Anawa akadzapalamula mlandu, adzawaimirira ndani? Akadzafuna kukwatira, adzagogoda pakhomo pa yani? Mwachotsa ana anga n'kuikapo mlongo wanga, ndiye mukuvina?"

Mchira uja unatsika pang'onopang'ono. Gologolo anachita manyazi, ndipo anayenera kutero.

Kutacha anaona zoposa pamenepo. Nguluwe, ndi chikondi chake chija, sanathe kudya nkhuyu zakupsa yekha. Anaitana ana onse kuti adzadye naye, ndipo atakhuta anagona naye pakhonde pomwepo, wina pamsana, wina pamiyendo. Walira mvula walira matope. Kale nthambi inkaopseza ana okha, tsopano inali pamwamba pa ana ndi atsibweni awo omwe. Gologolo atakwera kukaona, analowa m'mng'alu muja thupi lonse, mchira womwe. Masana a tsiku limenelo kunadutsa kamphepo kotentha, ndipo nthambi inalira kulira kumene ana ankayerekeza m'nyimbo.

"Ndatha nzeru," anauza mkazi wake.

"Achimwene ndinakula nawo," anatero Nankhoma. "Chinthu chouzidwa sachikhulupirira. Amakhulupirira chimene aona okha, n'kuuza ena."

"Aona bwanji ndi khosi lija?"

"Ochenjera ndinu. Si paja munandinyengerera ine mpaka ndinakulolani?"

Gologolo anayang'ana mlamu wake patali. Nguluwe anali akudzikhula pa chitsa, uku ndi uku, monga amachitira akakhuta. Pamenepo maso a Gologolo anawala.

Anapita n'kuima pafupi, akuyang'anitsitsa kumimba kwa mlamu wake, kenaka anapukusa mutu n'kuyamba kuchoka.

"Wayang'ana chiyani?"

"Palibe, alamu. Mkamwini sanena za thupi la eni mudzi."

"Nena!"

"Nkhupakupa. Zakhuta ngati nsawawa. Zili kunsi kwa mimba, kumene chitsa sichifika."

Munthu ukamuuza kuti ali ndi nkhupakupa, thupi lonse limayamba kuyabwa. Nguluwe anadzikanda ndi mwendo wakumbuyo, anazungulirazungulira, osaona kanthu.

"Ndiye wangoima? Ntchito ya mkamwini ndi chiyani? Zichotse!"

"Pano pali dzuwa, alamu. Tiyeni pamthunzi, pakhonde panu. Ana apite kunkhokwe, asaone mimba ya atsibweni awo."

Ana anathamangitsidwa. Gologolo anayala mphasa, anaikoka pang'ono, anaikankhanso pang'ono, mpaka inakhala pamene iye ankafuna.

"Gonani chagada."

"Chagada? Ine sindinagonepo chagada chibadwire."

"Nkhupakupazo n'chifukwa chake zanenepa."

Nguluwe anadzigwetsa, anagubuduka, miyendo inayi m'mwamba. Gologolo anakwera pamimba n'kuyamba kufufuza muubweya, akuimba nyimbo ija chapansipansi. Ulendo uno panalibe ana ovomera. Inavomera ndi nthambi yeniyeniyo, chifukwa kamphepo kaja kanabweranso.

Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake, Nguluwe anaona kumwamba kwa pakhomo pake. Anaona masamba ouma. Anaona chinthambi chakuda chitaweramira denga. Anaona mng'alu uli yasa, ukutseguka ndi kutsekeka mphepo ikamakankha, ndipo fumbi lofiira linamugwera pamphuno. Mimba imene Gologolo anakhalapo inaleka kupuma.

"Mkamwini."

"Wawa, alamu."

"Icho n'chiyani?"

"Kuti, alamu? Ine ndikuyang'ana nkhupakupa."

"Kumwambako! Nthambi iyo yang'aluka! Iwe umakwera mumtengo muno tsiku ndi tsiku, maso ako amaona nkhuyu zokha?"

"Kalanga ine! Yang'alukadi. Koma alamu muli ndi maso!"

Nguluwe anadzambatuka, Gologolo n'kugwera uko. Anathamanga pabwalo ponse akukuwa kuti aliyense atalikire, kuti iye waona zoopsa, kuti pakanapanda iye mbumba ikanatha. Kenaka mantha anamupitirira muyeso.

"Bweretsani nkhwangwa! Tigwetse mtengo wonse, lero lomwe!"

Apa Gologolo anaona kuti zifika pena. Mkuyu wonse ukanagwa ukanaphwanya nkhokwe ndi nyumba ya Nankhoma, ndipo mthunzi ndi nkhuyu zikanathera pomwepo, pamene thunthu linalibe mlandu.

"Alamu, thunthu ili munaliyesa kale ndi mutu wanu, munati ndi lolimba. Ndani angatsutse mutu wanu? Chodwala ndi chimene mwaona ndi maso anucho."

Nguluwe anaima. "Ndi zimene ndimati ndinene. Nthambi yokhayo. Kwera, ndakulamula ine mwini mbumba."

Anatulutsa katundu yense m'kanyumba kaja. Nankhoma anasonkhanitsa ana kuseri kwa nkhokwe n'kuwaopseza kuti amene asunthe aona. Gologolo anakwera ndi kankhwangwa ndi chingwe cha luzi. Sanayambire patsinde pa nthambi monga achitira opupuluma. Anayambira kunsonga, kudula tinthambi ting'onoting'ono kuti katundu apepuke, kenaka zokulirapo, chilichonse akuyamba wachimanga chingwe, kuchitema kunsi pang'ono kuti chisasende khungwa, n'kumalizira pamwamba. Chingwe anachikoloweka pa nthambi ina yamoyo, ndipo pansi Nguluwe anachiluma ndi mano aja, akuchilekerera pang'onopang'ono. Ntchito imeneyi inamuyenera, poti pa kukoka panalibe womuposa. Ana ali kutali anayambitsa nyimbo ija okha, ndipo mwini mbumba anavomera nawo chingwe chili kukamwa.

Chitatsala chigawo chachikulu chokha, kumwamba kunada. Mphepo yeniyeni inafika, ija yonyamula fumbi ndi fungo la mvula.

"Tsika!" anakuwa Nankhoma.

"Alamu, siyani chingwe, thawani!" anakuwa Gologolo, n'kudumphira pa nthambi ina.

Nguluwe anamvera mkamwini osafunsa. Anasiya chingwe n'kuthawa. Nthambi ija sinadikire nkhwangwa. Inathyokera pamng'alu pomwepo, phwa! n'kugwera pakanyumba kaja. Denga linalowa pansi, makoma anagwera m'kati, fumbi linakwera. Mkuyu unagwedezeka n'kuimanso chilili.

Fumbi litatsika, onse anasendera pafupi. Palibe anaseka. Chinthambi chija chinali chitaboola denga n'kuzikika m'dothi kukona ya kum'mawa.

"Apo m'pamene pankakhala mutu wa wamng'onoyu," anatero Nankhoma.

Nguluwe anatembenuka n'kupita kwa ana a mlongo wake, n'kuyamba kuwanunkhiza mmodzimmodzi, kumutu, kumsana, ngati akufuna kutsimikiza kuti alipodi. Atafika pa wamng'onoyo anakhalitsa. Madontho oyamba a mvula anayamba kugwa, ndipo ana anabalalika akukuwa ndi chisangalalo, akudumpha pabwalo.

Gologolo anali atatsika, akupukuta kankhwangwa kake. Nguluwe anabwera n'kuima pambali pake, onse akuyang'ana anawo.

"Alamu," anatero Nguluwe. Chifikire pakhomopo, Gologolo anali asanaitanidwepo choncho. "Nkhupakupa zija munapeza zingati?"

"Ngakhale imodzi, alamu."

"Ndinadziwa. Thupi langa ndimalisamala ine." Kenaka analoza ndi mphuno. "Kuseri kwa nyumba ya mlongo wanga kuli mtengo wina. Uko kunkhokwe, kumene mwamangira anawa, kulinso wina. Mvula ikakata mawa, mubwere ndi mphasa. Mudzandifune nkhupakupa pansi pa uliwonse."

Nthano yanga yagwera pomwepa, ndipo sinaphwanye munthu.